Mayi Sikelo ndi Mtsikana Amene Anamvera Zonse

Lachisanu m'mawa Mayi Sikelo anakwera masitepe a ku ofesi osapumira panjira, pamene masiku onse mawondo awo amafuna kupuma kawiri. Pa ana asanu ndi atatu amene anawakonzekeretsa ulendo wa ku mayunivesite akunja, n'kunyamuka Lachiwiri aliyense kulowera dziko lake, asanu ndi awiri anali atamveka kale. Wina anatumiza chithunzi cha bedi, wina cha mvula pawindo, wina anangodandaula kuti chakudya cha kumeneko n'chopanda mchere. Koma mtsikana mmodzi, amene anzake anamupatsa dzina loti Mlembi, anali zii. Ndege yake inatera Lachitatu masana, izi zinali zodziwika. Ku yunivesite sanafike. Ndipo kumeneko kulembetsa kunali kutsekedwa Lachisanu lomweli faifi koloko madzulo. Wosaoneka malo ake amapatsidwa wina, iye n'kubwerera kwawo ndi sutikesi yosamasula.

Ofesiyo ili pamwamba pa shopu ya matayala. Tsiku lonse mumanunkha labala, ndipo makina opopera mpweya akayamba kulira pansipo umachita kukuwa kuti mnzako akumve. Muli zipinda ziwiri zolekanitsidwa ndi thabwa lopyapyala. China n'cha abwana ndi kompyuta yawo, china muli mipando khumi ndi iwiri, mapu othothoka m'mbali, ndi sikelo yopimira masutikesi. Dzina la mayiwa linachokera pa sikelo imeneyi, ndipo lenileni amalidziwa ndi a ku banki okha.

Anabwera muno zaka pafupifupi makumi awiri zapitazo, ngati wotaipa makalata. Anali atasiyira panjira maphunziro a uphunzitsi bambo awo atadwala, ndipo anadziuza kuti agwirako miyezi ingapo chabe. Miyezi ingapo ija inawapeza atakwatiwa, inawapeza banja litatha, inawapezanso akulera ana awiri a mng'ono wawo, iwo akadali pa tebulo lomwelo. Tsiku lina bambo amene ankalangiza ana opita kunja sanabwere ku ntchito, makolo atadzaza kale m'chipinda. Wotaipa makalata uja anaimirira n'kunena zimene ankamva tsiku ndi tsiku kudzera m'thabwa lija, ndipo ananena bwino kuposa mwini wake. Bamboyo pobwera m'mawa mwake anapeza ntchito yake ili m'manja mwa ena.

Tsono tinene zoona pano, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepa. Mayi Sikelo ndege sanakwerepo. Malire a dziko sanawadutsepo, ngakhale pa basi. Kunama sananame, ayi, ndi munthu wopemphera. Ankangotchula mawu akuti "kumeneko" ngati munthu amene anaiwalako ambulera yake, ndipo nyengo yozizira ankavala chijasi chachikulu chimene mwana wina anawasiyira katundu atapitirira pa sikelo. Zotsalazo anthu ankamalizitsa okha. Makolo ankanong'onezana kuti mayiwa anakhalitsa kunja, n'chifukwa chake amadziwa ngakhale kumene kuli zimbudzi za pabwalo la ndege. Iwo ankamva bwinobwino, n'kuwerama kukonza sikelo yosawonongeka.

Koma kudziwa ankadziwadi, tisawalande zawo. Mwana aliyense wobwera kutchuthi ankamukhazika pansi n'kumufinya ngati ndimu: unatulukira khomo liti, unakumana ndi ndani, chinakuliza n'chiyani sabata yoyamba. Zonsezo zinkalowa m'makope, ndipo m'makopemo ndi mmene munkatuluka malamulo. Mwana wina anaberedwa sutikesi ndi munthu womwetulira amene anadzipereka kumunyamulira, pompo linabadwa lamulo loti katundu wako asagwire munthu wina. Wina anamubera zinsinsi za m'foni pa intaneti yaulere ya pabwalo la ndege, linabadwa lamulo loti foni uzimitse pokwera ndege, ukayatse utafika m'chipinda chako chogona. Wina anatengedwa ndi dalaivala wabodza amene anangowerenga dzina lake pa chikwama, n'kukamutaya kutali ndi tauni. Apa ndiye panabadwa lamulo lalikulu kuposa onse, loti aliyense wokutchula dzina pabwalo la ndege ndi wakuba, pokhapokha ataonetsa chizindikiro chimene Mayi Sikelo anakuuza. Malamulo ankangobadwa, panalibe limene linkafa.

Analinso ndi tsiku loyeserera, limene ana ankaliopa kuposa ulendo weniweniwo. Ankabwera ndi masutikesi odzaza, atavala majekete dzuwa likuswa mtengo, n'kukwera masitepe aja okhaokha, makolo atasiyidwa pansi pamodzi ndi matayala. Pamwamba ankapeza Mayi Sikelo atasanduka wapolisi wa pachipata, akufunsa mafunso osaseka. Kenako ankasanduka wakuba wokoma pakamwa, ndipo mwana amene wawapatsa chikwama ankabwerera pansi kukayambiranso.

Anyamata ankangoseka nazo. Mlembi sanasekepo. Ankakhala kutsogolo, mawondo pamodzi, kulemba mawu alionse otuluka pakamwa pa mayiwa, ngakhale akuti tiyeni tipume kaye. Anali mwana wa kalipentala, mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo malo ophunzira za mankhwala anawapeza atalemba makalata zaka zitatu. Pa tsiku loyeserera analakwitsa kamodzi kokha. Mayi Sikelo anasiya mawu a wakuba, n'kunena ndi mawu awo a masiku onse kuti basi mwanawe, tamaliza, bweretsa chikwamacho ndikugwirire. Mtsikanayo anapereka. Anamubweza pansi pamaso pa anzake onse, n'kumuuza kuti akuba amadziwa ngakhale mawu a anthu akwanu, choncho pa ulendo usakhulupirire ngakhale ine amene. Mlembi anakweranso masitepe misozi ili lengelenge, ndipo atafika pamwamba anatulutsa kope n'kulemba zimenezo. Mayi Sikelo ankamukonda kuposa ena onse, ndipo sankabisa. Ankauza anyamata aja kuti mukanakhala ngati uyu, bwenzi ine ndikugona tulo.

Chizindikiro cha Mlembi chinali chosavuta. Ana onse akale a ku yunivesite imeneyo ananena chimodzimodzi: wolandira alendo ndi mayi wonenepa wa imvi, amanyamula chikwangwani chachikasu, amaima pafupi ndi chipilala cha kumanzere ukamatuluka. Mayi Sikelo anamuuza zimenezi katatu. Ndipo mwa chizolowezi chawo anawonjezera kuti akapanda kumuona asasunthe, akhale pomwepo ngakhale zitavuta bwanji, mayiyo abwera ndithu.

Lachisanu limenelo anapeza bambo ake a Mlembi ataima kale pakhomo la ofesi, pensulo ili kukhutu, utuchi uli m'tsitsi. Dzulo lake anali atabwera kawiri. Sanali munthu wolalata, ndipo zimenezo ndi zimene zinkapweteka kwambiri, chifukwa wolalata umamuyankha. Anapereka moni, anakana mpando, n'kungoima. Manja awo okha ndi amene sankadziwa kukhala. Anagwedeza mpando wina n'kuupeza wofooka mwendo, anaugadabuza, anauyang'ana, anaubwezera pamalo pake. Kenako anayamba kutsegula ndi kutseka chitseko kumvetsera mmene chikulirira.

Mayi Sikelo nawo mtima unali m'mwamba. Anaimbanso foni ya mtsikanayo, yozima. Anaimbira a kampani ya ndege, amene anawauza kachitatu kuti munthuyo anatsika bwinobwino ndipo katundu wake anatenga. Anaimba nambala ya ofesi ya ku yunivesite, n'kulandiridwa ndi nyimbo ndi mawu a makina owauza kuti adikire. Anathira madzi m'ketulo n'kuiwala kuyatsa. Analowa m'chipinda cha sikelo, anatulukamo osadziwa chimene amakatenga. Makalata a pakompyuta ochokera kunja onse ankafikira kwa abwana, ndipo abwana dzulo lake anangolemba kalata imodzi yofunsa, n'kupita ku msonkhano.

Ali pakati pozungulira choncho, kalipentala anawafunsa motsitsa mawu. Anati inu mayi munapitako, tandiuzeni, pabwalo pamenepo pali poti munthu n'kugona, ndipo kodi sikuzizira? Mayi Sikelo anayankha zimene zinali m'makope, kuti pali mabenchi achitsulo, magetsi sazima, madzi akumwa alipo pafupi ndi zimbudzi. Bamboyo anagwedeza mutu moyamikira. Manyazi amene anawagwira mayiwa pamenepo anali asanawamvepo chiyambire ntchito, ndipo anathawira ku ketulo ija kukaiyatsa.

Abwana anafika cha m'ma teni koloko. Iwowa anaphunziradi kunja, ndipo amakumbutsa anthu zimenezi kawiri pa tsiku. Anakhala pansi, anapukuta magalasi, anadikira kompyuta kuti idzuke, Mayi Sikelo ataima kumbuyo kwawo akupuma ngati athamanga. Yankho linalipo, linabwera dzulo madzulo. A ku yunivesite analemba kuti dalaivala wawo anamuona mtsikanayo Lachitatu, anamutchula dzina, koma iye anatembenukira kukhoma atakumbatira chikwama. Dalaivalayo anaganiza kuti walakwitsa munthu, n'kumapita. Lachinayi atapita kukatenga ana ena anamupezanso pa benchi yomweyo pafupi ndi chipilala, anamulankhulanso, anakanidwanso. Lero apitanso komaliza, ndipo aimba foni akafika. Kuchokera pabwalo la ndege kukafika ku yunivesite ndi ulendo wa maola atatu, choncho ikakwana thuu koloko anyamuka, kaya mtsikanayo ali m'galimoto kaya ayi.

M'munsi mwake munali mzere wina. Mayi wa chikwangwani chachikasu anapuma pa ntchito miyezi iwiri yapitayo, ndipo a ku yunivesite anati analemba kalata yodziwitsa maofesi onse. Abwana anafufuza n'kuipeza kalatayo, yosatsegula. Anatsokomola, n'kunena kuti makalata amabwera ambiri masiku ano. Tsiku lina Mayi Sikelo akanawatsukuluza abwanawo mpaka ayere, koma osati lero. Kalata inali ya abwana, inde. Koma amene anakhomera mwana wa eni ake pa benchi yachitsulo masiku awiri, foni ili yozima m'thumba, anali iwo.

Kalipentala anangoti bola ali moyo, n'kupita pawindo.

Pomwe imakwana leveni koloko gulu latsopano linayamba kufika, ana khumi ndi awiri ndi makolo awo, tsiku lawo loyamba la malangizo. Anadzaza chipinda cha sikelo mpaka ena kuima m'mbali mwa khoma. Mayi Sikelo anavala nkhope ya ntchito n'kulowa. Anayamba ndi za mapasipoti, analumphira ku za majekete, anabwereranso ku mapasipoti. Anakweza sutikesi ya mnyamata wina pa sikelo, anawerenga manambala, anaiwala, anaikwezanso. Khutu lonse linali kuseri kwa thabwa. Foni ya abwana ikangolira ankasiya chiganizo pakati n'kutuluka, n'kupeza ndi wogulitsa inki kapena mkazi wawo wa abwana. Anabwerera kanayi, akupepesa. Pansi makina a matayala ankalira, kusiya, kuliranso. Mayi wina wovala bwino anauza mnzake mokweza kuti musadandaule, awa ndi akatswiri, anakhalako zaka zambiri.

Foni yeniyeni inalira itangodutsa wani koloko. Abwana anaikweza mawu n'kuiika pa tebulo, ndipo onse atatu anaizungulira. Dalaivala anali ndi mawu a munthu wachikulire wotopa. Anati mtsikanayo ali pomwepo, koma foni akukana kuigwira, choncho aiika pa benchi n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Kunamveka phokoso la anthu ambiri, mawu a mkazi akulengeza za ndege, kenako kupuma kwa munthu pafupi.

"Mwana wanga, ndine bambo ako," anatero kalipentala.

Mtsikanayo analira pang'ono, kulira kouma kwa munthu amene sanagone. Kenako anadzigwira n'kunena kuti ali bwino, katundu yense ali naye, palibe chimene chasowa, kungoti mayi a chikwangwani achedwa. Bambo ake anamuuza kuti mayiwo sabwera, anasiya ntchito, anyamuke apite ndi bambo ali pamenepowo.

"Ababa, inu za kuno simukuzidziwa. Mayi Sikelo anati ndisasunthe."

Kalipentala anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Abwana anayesa nawo, ndi mawu awo a ku msonkhano, koma mtsikanayo sanawayankhe n'komwe. Ndiye Mayi Sikelo anawerama pa foniyo n'kulankhula mofatsa, kuti ndine mwanawe, zinthu zasintha, dalaivalayo ndi wa ku yunivesite, nyamula katundu mupite nthawi yatha.

Kenako kunamveka mapepala akutembenuzidwa. Ankatsegula kope.

"Munanenanso choncho tsiku lija," anatero Mlembi. "Munati basi tamaliza, ine n'kupereka chikwama. Munati ngakhale inu ndisakukhulupirireni. Ndinalemba, zili apa."

Mayi Sikelo anayang'ana wotchi ya pakhoma. Anayang'ana thabwa lija, limene kuseri kwake anthu oposa makumi awiri anali atasiya kulankhula. Anadziwa bwino lomwe kuti kudzera m'thabwa limenelo mumamveka ngakhale kutafuna kwa munthu, poti iwo eni anaphunzirira ntchito momwemo. Anafufuza m'mutu lamulo lina loti lithyole lamulo ili, koma onse anawamanga okha, ndipo anawamanga molimba. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Mvetsera, mwanawe. Ine ndege sindinakwerepo. Bwalo ulipolo sindikulidziwa, chipilala watsamiracho sindinachionepo ndi maso angawa. Zonse ndinakuuza ndinazimva kwa anzako, ndipo zina ndinawonjezera ndekha chifukwa cha mantha anga. Pakati pa iwe ndi ine, wodziwa za kumeneko ndiwe, wakhalako masiku awiri. Usamvere ine. Ayang'ane bambowo. Ukuwaona bwanji?"

Abwana anavula magalasi. Kuseri kwa thabwa mpando unakhwekhwerezeka, wina anati ha, wina anamuletsa.

"Ndi achikulire," anatero Mlembi pamapeto pake, pang'onopang'ono. "Ali ndi khadi pakhosi, chithunzi chake ndi iwo omwe. Dzulo anandisiyira buledi ndi madzi pa benchi. Buledi sindinadye."

"Nanga ukuganiza bwanji?"

"Sakuoneka ngati akuba." Anapuma. "Ndipita."

Kenako anafunsa, ndi mawu aang'ono ngati a mwana wa sitandade wani, kuti nanga zonse analemba zija atani nazo. Mayi Sikelo asanayankhe, dalaivala anatola foni yake. Kunamveka matayala a sutikesi akugudubuzika, ndipo bamboyo anaseka pang'ono n'kunena kuti akupita ku galimoto, koma mtsikanayo wakana kuti amunyamulire katundu.

Kalipentala anakhala pansi, koyamba chifikire, pa mpando wofooka mwendo uja. Anati adikira mpaka amve kuti walembetsa.

Kulowanso m'chipinda cha sikelo kunali kovuta kuposa masitepe onse a moyo wawo. Mayi wovala bwino uja anali ataima kale, atagwira mwana wake padzanja, ndipo anadutsa osawayang'ana. Mabanja ena anayi anamutsatira. Otsalawo anangokhala, maso ali pa chijasi chimene chinali pa msomali kuseri kwa chitseko. Mayi Sikelo anapitiriza za mapasipoti. Mawu awo ankatuluka aang'ono, ndipo akafika pa lamulo lililonse ankadodoma, osadziwa ngati alinene kapena alimeze. Mnyamata wina anafunsa ngati n'zoona kuti foni iyenera kuzima. Anamuyankha kuti sakudziwa, afunse amene anapitako. Anawabalalitsa nthawi isanakwane.

Masana onsewo anangozungulira. Anasesa chipinda chosesa kale, anasanja makope, anawasanjulanso. Abwana anadzitsekera kwawo ndi makalata osatsegula aja. Pa za ntchito ya mayiwa sananene kanthu, ndipo kusanenako sikunali kolimbitsa mtima. Kalipentala sanasunthe, sanalandire ngakhale tiyi.

Uthenga unabwera patatsala mphindi makumi awiri kuti ku yunivesite atseke kulembetsa. Mtsikanayo wafika, walembetsa, wapatsidwa chipinda, ndipo wagona asanavule nsapato. Mayi Sikelo anawerengera bambo ake uthengawo kawiri. Bamboyo anamvetsera ataweramitsa mutu, kenako anaimirira n'kukonza pensulo yawo kukhutu. Pakhomo anatembenuka.

"Zikomo mayi, mwamupulumutsa. Zoti simunapiteko zilibe kanthu kwa ine, inenso sindinapiteko. Koma mwana uja ndamulera ndekha zaka makumi awiri, sanandikanepo mawu ndi kamodzi komwe. Lero wandiuza kuti sindikudziwa."

Sananene mokwiya. Mayi Sikelo anafuna kupepesa, koma chipepeso choyenera pamenepo analibe, ndipo zinawawawa kuposa manyazi a masana aja. Anangoima pamwamba pa masitepe manja ali kumbuyo, bamboyo akutsika pang'onopang'ono atagwira khoma.